Akachira Amayi, Upita

"Muzingoyang'ana choncho, alamu? Munthu akuvutika ndi kapu, inu manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso?"

Anali mlamu wamkulu wa Chakachamawa ameneyo, atangolowa kumene, chikwama chikadali paphewa. Mayiyu anali ndi saluni yake kutsidya kwa msewu waukulu. Ankabwera kudzaona amayi ake Loweruka lokha, koma phokoso lake linkakwanira sabata yonse.

Chakachamawa anali chiimire pambali pa mpando wa apongozi ake, amene anadwala sitiroko n'kufooka mkono ndi mwendo wakumanja. Patebulo panali kapu ya pulasitiki yofiira, madzi ali theka. Zala za gogoyo zinayandikira kapuyo, zikunjenjemera, kenako dzanja lonse linagwera pamiyendo.

"Mwaona? Mukuwazunza amayi anga," anatero mlamuyo. Anatola kapu ija n'kuwamwetsa yekha, madzi ena akutsikira m'khosi.

"Alamu, mukawamwetsa inu, dzanjalo siliphunzira," anatero Chakachamawa motsitsa mawu.

"Tamvani adokotala! Sukulu yake inakukanani, koma malamulo ake ndiye mwatiunjikira m'nyumba muno."

Dzina loti Chakachamawa linachokera kwa mlamu yemweyo. Mtsikanayu ankagwira ntchito kuchipatala m'chipinda cha mafizo, kolimbitsira ziwalo za odwala, koma monga wothandizira chabe: kuyala mabedi, kufunditsa matawulo, kugwira lamba wa wodwala amene akuphunzira kuyenda. Mtima wake wonse unali pa kudzakhala dokotala wa mafizo weniweni. Chaka chathacho anafunsira malo kusukulu ya ntchitoyi, anamuitana kokamufunsa mafunso, koma atakhala pamaso pa aphunzitsi lilime linamuuma ndipo zonse zimene ankadziwa zinathawa. Sanamutenge. Analira mpaka maso kutupa, kenako anapukuta misozi nati, "Ndiyesanso chaka chamawa." Mlamu wake analitola pomwepo, ndipo dzina lachipongwe silichedwa kumera mizu. Ngakhale wogulitsa buledi pakona ankamuitana choncho, osadziwa kuti akumulasa pabala.

Tsopano chaka chamawacho chinali chitafika. Sukulu inali itatsegulanso khomo la ofunsira malo, ndipo masiku otsekera ankayandikira. Vuto linali lakuti sukuluyo inali kumzinda wina, kutali, ndipo wopita kumeneko amakakhala komweko.

Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo, munthu wa manja abwino ndi mtima wabwino, koma woopa mkangano kuposa moto wa makina ake. Ndiye anapangira amayi ake zitsulo ziwiri zogwirira kuseri kwa nyumba, zosalala bwino, kuti aziphunzirirapo kuyenda. Ndiyenso ananena mawu amene anadzasanduka chingwe m'khosi mwa banja lonse. Anawanena tsiku lina patebulo, amayi ake ali pomwepo, pofuna kusangalatsa mkazi wake ndi mchemwali wake nthawi imodzi.

"Nkhaniyi isatilekanitse. Akachira amayi, upita. Akangoyamba kudzimwera madzi okha, ine ndikakuperekeza."

Aliyense anaona ngati ndi mawu anzeru. Palibe anacheuka kuyang'ana nkhope ya gogoyo.

Chichokereni tsikulo, dzanja limene linali litayamba kutsegula zala linabwerera m'mbuyo. Chakachamawa ankaliwongola m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, chala chimodzichimodzi, n'kubwerezanso masana akaweruka, koma likafika pa kapu linkangogwa. Anasowa pogwira. Anayamba kudzikayikira, n'kumati mwina aphunzitsi aja anaona zoona, mwina ntchitoyi si yake.

Tsiku lina magetsi anazima kuchipatala ndipo anawauza kuti aweruke msanga. Atafika kunyumba analowera khomo lakuseri, nsapato zili m'manja poopa kudzutsa wodwala. Pakhomo la pabalaza anaima chilili. Apongozi ake anali atagwira kapu yofiira ija ndi dzanja lakumanja, akumwa bwinobwino, osataya ngakhale dontho.

Nsapato zinamupulumuka. Gogoyo anadzidzimuka, naika kapu pansi, n'kupinda dzanja lija pachifuwa ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Amayi! Mukutha? Chiyambireni liti?"

Apongoziwo anayamba kulira. Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono chifukwa cha pakamwa popotoka. "Usamuuze mwamuna wako... mwanawe. Ukapita, ndisala ndi ndani? Mwana wanga wamkazi amandikoka mkono ngati thumba. Mwamuna wako amaopa kundisambitsa. Iwe wekha ndi amene umandidikira ndimalize kulankhula."

Chakachamawa anagwada pansi. Ankafuna kukuwa, ankafuna kukondwera, ankafunanso kutenga kapuyo n'kuiponya pakhoma. Miyezi yonseyi ankadziona wolephera, chonsecho ntchito yake inali itagwira kalekale. Koma ungamukalipire bwanji munthu amene akukunamiza chifukwa chokukonda komanso mantha?

"Amayi, dzanja losagwira ntchito limauma. Mukalibisa chonchi, lidzakana zenizeni."

"Lilekeni liume," anatero gogoyo. "Bola iwe ulipo."

Kuyambira pamenepo zinthu zinaipiraipira. Poopa kugwidwanso, apongoziwo anasiya kuligwiritsa ntchito ngakhale ali okha. Ankalikulunga m'nsalu n'kukana kuti aliwongole. Chakachamawa ankawachonderera, iwo n'kutembenukira kukhoma. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti amuuze mwamuna wake, koma akakumbukira misozi ija ankangosiya. Ndipo akananena, akanamukhulupirira ndani? Akanangoti wapeka bodza kuti apeze njira yothawira. Mapepala ake ofunsira malo anali okonzeka mu envulopu pamwamba pa kabati, akusonkhanitsa fumbi.

Tsiku lotsekera linagwa Lachisanu. M'mawa mwake mlamu uja anatseka saluni n'kubwera, zimene sanachitepo chiyambire. Anakhala pampando wabwino koposa n'kuyamba mlandu asanapereke ndi moni yemwe.

"Achimwene, ndamva kuti lero ndi lomaliza. Ndabwera kuti ndimve ndi makutu anga. Mkazi wanuyu akupita kapena ayi?"

Wowotcherera uja anakanda m'mutu, maso ali pansi. "Tinapangana kale, achemwali. Amayi sanachire."

"Achira bwanji ndi munthu amene mtima wake uli panjira? Taonani dzanjalo, lafika pouma! Ali m'manja mwa katswiri, eti? Akanakhala amayi ake omubereka akanawaimirira manja kumbuyo?"

"Alamu, musatero," anatero Chakachamawa, misozi ikulengeza. "Ndawasambitsa, ndawatembenuza, ndawanyamula pamsana kupita nawo kuchimbudzi. Inu munali kuti?"

"Ndinali kuntchito! Kapena mukufuna nditseke saluni kuti inu mukasewere ndi mabuku? Anakukanani kamodzi, mukufuna akakukaneninso kuti tidzakutcheni Chakachinacho?"

Chakachamawa anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inu, nenanipo kanthu. Chonde. Ndikaphonya lero, ndiye kuti chaka china chapita. Sindikupempha kuti anditenge, ndikungopempha kuti ndikayese."

Mwamunayo anapukuta manja ake pa ovolosi, ngakhale anali ouma. "Ndikanatani, mkazi wanga? Ndi amayi anga awa. Dikira pang'ono."

Mtsikanayo anayang'ana apongozi ake. Mawu amodzi okha akanamumasula, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Gogoyo anali atazyolika, dzanja lili m'nsalu. Chakachamawa anapita pa kabati, natsitsa envulopu ija, naiika patebulo pamaso pa mlamu wake.

"Chabwino. Sindipita. Tengani mukakolezere moto."

Atatero anakhala pansi pafupi ndi khomo n'kulira mosadzigwira, mapewa akugwedezeka. Sikunali kulira kofuna kumvetsa wina chisoni. Kunali kulira kwa munthu amene wafika pamapeto pa nzeru zake zonse.

Kenako panamveka mawu a gogoyo, olemera, okokeka.

"Ndipatseni... kapu."

Mlamu uja anadzuka msanga kuti awamwetse.

"Ayi. Iike apo."

Gogoyo anavundukula nsalu ija ndi dzanja lakumanzere. "Ine ndimatha. Ndinayamba kalekale kumwa ndekha. Ndimabisa kuti mwanayu asachoke. Taonani."

Anatambasula mkono wakumanja. Koma zala zinali zitapindikira mkati, zolimba ngati mbedza. Anazikankhira pa kapu, nayesa kuzitsegula, thukuta likutuluka pamphumi. Kapuyo inasuntha, inapendekeka, n'kugwa. Madzi anamwazika patebulo n'kunyowetsa ngodya ya envulopu ija. Gogoyo anayang'ana dzanja lawo modabwa, ngati la munthu wina.

"Limatha," anatero. "Ndikulumbira, limatha!"

"Mwaona zimene mwachita, alamu?" anakuwa mlamu uja. "Mwafika powaphunzitsa amayi bodza kuti akumasuleni!"

"Khala chete, iwe!" Mawu a gogoyo anatuluka mokhota koma aliyense anawamva. "Mwanayu anandipeza ndikumwa. Anandisungira chinsinsi mpaka wataya sukulu yake. Anandichenjeza kuti liuma, ine osamva. Ndaliumitsa ndekha."

Wowotcherera uja anayang'ana mkazi wake. "Zoona zimenezi?"

Chakachamawa anangogwedeza mutu povomera.

"Ndiye osandiuza?"

"Mukanasankha ndani, ine kapena amayi anu? Munamangirira sukulu yanga ku dzanja lawo. Iwo akachira, ataya ine. Akapanda kuchira, ine nditaya sukulu. Tikanalowera kuti?"

Bambo uja anakhala pansi mwadzidzidzi. Munthu wodziwa kulumikiza zitsulo anaona tsopano chimene analumikiza ndi pakamwa pake, ndipo manyazi anamugwira. Anaphimba nkhope ndi zikhatho zake zokhakhalazo.

"Ndiye amayi aziwasamala ndani?" anafunsa mlamu uja, mawu atatsikako.

"Ine," anatero mwamunayo osakweza mutu. "Ndiphunzira. Inunso, achemwali, sabata ili ndi masiku ena kupatula Loweruka."

Mlamuyo anatola chikwama chake n'kutuluka, namenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. Sanapite patali. Ankaoneka pawindo ataima pafupi ndi zitsulo zija, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Chakachamawa anakwawira kwa apongozi ake n'kugwira dzanja loumalo. Analisisita, nayesa chala chachikulu, nayesa chamkombaphala. Ankadziwa kuti libwerera pang'onopang'ono, mwinanso osafika pomwe linali.

"Amayi, panopa ndi pamene mukundifuna kwambiri. Ndingapite bwanji?"

"Ukakhala, ndidzaliumitsanso. Ndikudzidziwa ine," anatero gogoyo. "Nyamuka asanatseke."

"Mwina akandikananso."

"Akakakukana ubwere, tidzalire tonse. Koma ukayambe wafika."

Mwamuna wake anatola envulopu ija, naipukuta pa malaya ake amkati, namupatsa ndi manja awiri. "Ndinati ndikakuperekeza, koma ndikatero amayi atsala okha. Pita. Undionetse kaye poima."

Chakachamawa anamuimika kumanja kwa mpando, mbali yofookayo. Anamuonetsa kuti asakoke mkono, azingochirikiza chigongono akaona kuti chikugwa. Anathiranso madzi m'kapu, pang'ono chabe. Kenako anagwira manja a mwamuna wakeyo n'kuwapititsa kumbuyo.

"Zivute zitani, musawagwirire. Mtima uzikupwetekani, koma muziwadikira."

Anavala nsapato n'kutuluka, maso ali ofiira, diresi litanyowa m'mawondo. Podutsa pa zitsulo zija mlamu wake anayang'ana kumbali, koma anamupatukira njira.

Asanafike pageti anamva kapu ikugwa m'nyumba muja n'kugubuduka pa simenti. Miyendo yake inaima yokha. Thupi lonse linkamukokera m'mbuyo, kuti athamange, akatole, akapukute, akanene kuti basi, sindipitanso. Anamva apongozi ake akulira chapansipansi. Kenako anamva mawu a mwamuna wake, onjenjemera.

"Palibe kanthu, amayi. Ndithiranso ena."

Chakachamawa anapititsa manja ake kumbuyo, envulopu ili momwemo, nawagwirana zolimba mpaka zala kupweteka. Anatuluka pageti akulira, osacheuka.