Nsapato za Paphewa

Uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Mwamuna wa Eluby anali atamwalira kuseri kwa mapiri a Mafinga, ndipo wamasiyeyo ankafuna kubwerera kwawo. Mvula ya chaka chimenecho inali yopanda chisoni, moti mlatho wa pamsewu wozungulira unali utakokoloka. Njira yotsala inali yodutsa pamwamba pa mapiri, ndipo woidziwa anali a Yakobo, bambo ake a Eluby, amene anakulira kufula njuchi m'nkhalango zimenezo. Mwana wawo Frackson anati apita nawo. Koma wamasiye satengedwa ndi amuna okhaokha, ndipo poti mayi a pakhomopo anatsogola kalekale, mtolowo unagwera Thandizo, mkazi wa Frackson.

Thandizo kwawo kunali ku Thyolo. Anabwera ku Chitipa kudzagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, ntchito n'kumupezetsa banja. Chinthu choyamba chimene amayi a pamudzipo anamuphunzitsa chinali chakuti mkamwana, ndiko kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ndipo za kuwakhudza n'zosayerekeza n'komwe. Akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire n'kudziphimba ndi chitenje. Zinkamuseketsa poyamba, koma kwa eni kulibe mkuwe. Zaka zonsezi a Yakobo ankawadziwira msana ndi katsokomoledwe.

Ankadziwanso china: mkuluyo anali ndi matenda a shuga. N'chifukwa chake atamva za ulendowu anathamangira kumsika wa ku Lufita kukagula nsapato zofewa zansalu ndi masokosi, n'kutuma mwamuna wake kuti akawapatse n'kuwauza kuti asayerekeze kuyenda chosavala. A Yakobo analandira ndi manja awiri, anathokoza mobwerezabwereza, kenako anamanga zingwe za nsapatozo pamodzi n'kuzikoleka paphewa. Anati mphatso ya mkamwana singakafike kwa asebele awo, makolo a malemuyo, itamwa matope. Adzavala akaona madenga a mudziwo.

Ananyamuka m'mamawa, mkulu patsogolo ndi ndodo yake, Frackson pakati ndi nkhwangwa, chingwe ndi ufa, Thandizo kumbuyo kwenikweni, poto ndi mchere zili pamutu. Anakwera kudutsa minda yotsiriza ya mawere n'kulowa m'mitengo. Udzu unali wopitirira mutu, wonyowa, wocheka m'mikono. Anyani anawalondola kuchokera pathanthwe lina kufika lina, akuwatukwana m'chinenero chawo. A Yakobo ankangopita ngati mnyamata, akuponda minga ndi miyala yosongoka osatsimphina, ndipo mphepo inabweretsa mawu awo kumbuyo.

"Kale minga inkandilasa, mwana wanga. Sono mapazi agha akhwima. Ngakhale khala la moto ndiponda, osamva kanthu."

Frackson anaseka monyadira. Thandizo sanaseke nawo. Ankadziwa bwino lomwe kuti phazi silikhwima motero. Shuga ndiye amapha mitsempha mwakachetechete, munthu n'kumayesa mphamvu pamene ndi ngozi.

Popeza kuyang'ana mwini wake kunali koletsedwa, iye anayamba kuyang'ana pamene apondapo. Dzuwa litapendeka anawoloka kamtsinje ka mchenga woyera, ndipo m'phazi lakumanzere munali kadontho kofiira. Phazi lotsatira, kadontho kenanso. Anatsokomola kuti Frackson atembenuke, namunong'oneza kuti bambo ake akuchucha magazi kuphazi. Frackson anapita kutsogolo, mkuluyo anayang'ana pamwamba pa phazi lake, analimenyetsa pamwala kawiri ngati akuyesa khasu, ulendo n'kupitirira.

"Akuti ndi dothi lofiira," anatero Frackson atabwerera.

"Bambo a Takondwa, muwaone kunsi, ndi m'kati mwa zala," Thandizo anachonderera mwamuna wakeyo.

"Ine ndinyamule phazi la adada ngati ndikugula mbuzi pamsika? Tiyeni, mvula iyo."

Thandizo anangotsatira kumbuyo. Anali ndi mantha, ndipo anakwiyanso, koma mkwiyo wa mkamwana umathera m'chitenje.

Mvula inawapeza pamwamba, pamene mitengo imafupika ndipo nkhungu imayenda pansi ngati utsi. Anabisala m'phanga limene a Yakobo ankagonamo masiku awo a uchi, amuna kukhomo pafupi ndi moto, iye m'kati kuseri kwa mwala. Kutacha phazi lakumanzere linali litasintha padothi. Linali lalikulu kuposa linzake, zala zosaonekanso bwino, ndipo chidendene chinkakwekwereza. Tintchentche tinkatsatira mkuluyo, osalabadira anthu enawo.

Akutsika cha kumadzulo kwa phiri, m'bango munamveka phokoso, ndipo nguluwe yaikazi inatulukira ndi ana ake, ubweya uli njoo. Frackson anataya ufa n'kukwera pachitsa, nkhwangwa ili m'mwamba. Thandizo anathawa osaona kolowera, n'kupezeka kuti watsala pang'ono kugunda msana wa apongozi ake. Nguluwe inadutsa pakati pawo n'kulowa kutchire. Thandizo anagwada msanga n'kudziphimba, koma mphuno siphimbika. Fungo lochokera kuphazi lawo analidziwa. Anali atalimva kambirimbiri pantchito, pa anthu amene ankabwera nawo pa njinga mochedwa.

Anauzanso mwamuna wake, ulendo uno misozi ikulengeza. Frackson anati mudzi wayandikira, kwangotsala mtsinje umodzi, ndipo kumeneko amuna anzawo a mkuluyo akawaona bwinobwino mwaulemu wake.

Mtsinjewo anaupeza uli m'chiuno. Frackson anamanga chingwe kumtengo n'kuwoloka yekha kuti akachimange tsidya lina. Anangoti wagwira muzu wa kutsidyako, kumtunda kunamveka mkokomo ngati wa lole yokwera chitunda. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, kungoti mochedwa. Madzi ofiira anatsika ndi zipika ndi zitsamba, anadula chingwe, ndipo pamene panali powolokera panasanduka nyanja yothamanga. Frackson anakuwa, mawu ake osamveka. Kenako analoza kumudzi, analoza iwo, n'kuyamba kuthamanga.

A Yakobo anakhala pansi pa mtengo wa msuku. Sanakhale mwa masiku onse ayi, anachita kugwa. Thandizo anakhala kuseri kwa thanthwe, msana atawalozetsa, monga mwa mwambo. Anamva mano awo akugundana, ngakhale dzuwa linali litatuluka. Anawamva akuitana dzina la malemu mkazi wawo, kenako la galu amene anafa kalekale. Ankadziwa chimene chinali kuchitika m'phazi muja, ndi liwiro limene chimakwerera mwendo. Ankadziwanso zimene zikanenedwe kumjigo iye akangowakhudza, ndi nkhope imene mwamuna wake akaonetse. Anapemphera kuti madzi aphwe. Madzi sanamve.

Anadzuka n'kukagwada chapatali, maso ali pa ndodo imene inagona pa udzu.

"Ndodo iwe," anatero, "uwauze eni ako kuti phazi lawo lakumanzere likuwola. Akalikaniza lero, mawa lipita ndi mwendo, mkuja lidzapita ndi iwo amene."



"Ndodo," anayankha mkuluyo ndi mawu osasa, "umuuze mwana wa kummwera kuti kuno sititero. Ŵanthu adzamva."

"Adzamva ndithu. Koma maliro amamveka kutali kuposa zimenezo. Eluby walira kale mmodzi."

 Patapita nthawi a Yakobo anavula jekete lawo, anadziphimba nalo kumutu mpaka pachifuwa, n'kutambasula mwendo.

Thandizo anali ataona mapazi ambiri, koma apa mtima unamupweteka. M'kati mwa zala munali linyetsu loyera, long'ambika chifukwa cha kunyowa. Kuchidendene kunali thuza lalikulu la moto wa m'phanga muja. Zala zitatu zakunja zinali zitayamba kuda, ndipo kunsi kwake kunatulukira kansonga ka waya wa msampha wa nyama, kamene mkuluyo anayenda nako kukwera phiri ndi kutsika osadziwa. Kufiira kunali kutafika pakakolo.

Anasonkha moto ndi nkhuni zonyowa mpaka maso kufiira, anawiritsa madzi ndi mchere, nawasiya kuti azizire. Anawayesa ndi chigongono chake, poti mwini phazi sakanamva ngakhale akanakhala owira. Anawotcha pini pamoto, anakokera wayayo kunja pang'onopang'ono, ndipo mafinya anatsatira. Mwamuna wina aliyense akanakuwa mpaka anyani kuthawa. A Yakobo sanagwedezeke n'komwe, anangofunsa ndodo ngati mwanayo wayamba kale. Apa m'pamene Thandizo analira, mwakachetechete, manja akugwirabe ntchito.

Nsalu yoyera panalibe. Anamasula chitenje chimene ankadziphimbira, anaching'amba, anawiritsa zidutswazo n'kuziyanika pamoto. Anapukuta chala chilichonse pachokha, anamanga balalo mosathinitsa, n'kuika phazilo pamwamba pa mtolo. Kenako anasambitsa lakumanja, anapaka mafuta odzola m'ming'alu ya kuchidendene, analiveka sokosi, n'kumasula nsapato zija paphewa. Yakumanja inalowa bwinobwino. Yakumanzere sikanalowa ngakhale chala chimodzi, ndipo anaiika pambali, yoyera ngati tsiku limene anaigula.

Madzi anaphwa m'mawa mwake. Frackson anawoloka ndi amuna anayi, Eluby ali pambuyo pawo, ndipo anapeza Thandizo mutu uli pamtetete, phazi la apongozi ake lili pabondo pake, akusintha nsalu. Amuna aja anaima. Mmodzi anayang'ana kumwamba, wina anatembenuka n'kuyamba kufunsa za nguluwe. Frackson anangoti kukamwa yasa, ndipo mkazi wake anaona manyazi ndi mantha zikulimbana pankhope pake. Eluby yekha ndiye anagwada n'kumugwira Thandizo paphewa.

Amunawo ankafuna kupita ndi mkuluyo kumudzi kwawo, kumene kunali munthu wodziwa masamba. Thandizo anali atathyola kale mwambo waukulu, choncho wolankhula pamaso pa amuna sunamuopsenso. Anati dulani mitengo iwiri, tipange machila, tibwerere njira yomweyi mpaka kumsewu. Anayang'ana kwa Frackson onse. Frackson anayang'ana phazi lija, koyamba pa ulendo wonsewo, n'kutola nkhwangwa.

Ulendo wobwerera unali wowawa. Ufa wambiri unali utatsala kwa nguluwe, ndipo anakhalira mbatata zimene Eluby ananyamula. Ankasinthana machila pamatope, akuterereka, mapewa akusupuka. Paliponse pamene apuma, Thandizo ankayang'ana pamene kufiira kwafika, ndipo nthawi zonse kunali kutakwerako pang'ono. Kuchipatala cha ku Boma mwendo anaupulumutsa, koma zala zitatu zija ndi mbali ya phazi zinatsala komweko.

Nkhani inafika pamudzi iwo asanafike. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula Thandizo akatulukira. Ena ankati a kummwera alibe mwambo, ena ankati apereke mbuzi yopepesa. Frackson ankadya nsima yake osadzudzula, osayamikanso. Chimene chinkamudya Thandizo sichinali zimenezo ayi. Chinali kadontho kaja pa mchenga woyera, pamene zala zonse zinali zamoyo, iye n'kusankha kutsokomola.

A Yakobo anatuluka m'chipatala mvula itatha. M'mawa wotsatira anatuma Eluby kuti amange chingwe pakhonde n'kupachikapo chitenje chatsopano, kenako akaitane mlamu wake. Thandizo anabwera mtima uli m'mwamba, akuyesa kuti ndi mlandu wa mbuzi uja. Anapeza chitenje chili lende, munthu osaoneka, koma kunsi kwake kutatulukira mapazi awiri, ndodo itagona pambali pake. Amayi opita kumjigo anaima pamsewu, ndowa zili pamutu.

"Ndodo," anatero mawu kuseri kwa nsaluyo, mokweza kuti a pamsewu amve, "umuuze mwana wanga kuti a kuchipatala akuti mapazi agha aziwonedwa tsiku lililonse, kunsi ndi m'kati mwa zala. Maso anga safikako. Yewo."

Kuyambira tsiku limenelo zimatero m'mawa uliwonse. Nkhope ya apongozi ake Thandizo sanaionebe mpaka lero. Amasambitsa, amapukuta, amapaka mafuta, amagwedeza nsapato kuti muchoke timiyala, ndipo mu yakumanzere amatsenderamo kansalu pamene panali zala. Akamaliza, mkuluyo amadzuka n'kutsimphina mpaka kumapeto kwa bwalo, pamene Mafinga amaonekera bwino, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Msana wawo Thandizo amaudziwa kuyambira kale, ndipo akauona motero amakumbukira kadontho kaja n'kulowa m'nyumba msanga.