Otilia ndi Mkazi wa ku Chinde

Pa dooko la ku Chiromo, tsiku lomwe sitima ya pamadzi inkapakira thonje, Otilia ankagulitsa mchere wophika yekha. Mtsikana ameneyu anali wamatama, ndikuuzeni! Anyamata ankayamba ameza malovu asanamupatse moni.

Koma Lazaro, wodula nkhuni za sitima, anangotula mtolo wake n'kukhala pafupi ndi lichero la mcherelo.

"Ndipatseniko mchere, chemwali."

"Ndiwo zake muli nazo?"

"Nkhabe, ndilibe. Ndizingonyambita, n'kumakumbukira manja amene anauphika."

Otilia anaseka mpaka kugwira nthiti. Chinali chaka cha 1916. Pasanathe miyezi itatu Lazaro anapereka chikole cha mikanda yofiira, ndipo atsibweni ake a Otilia, a Geresomo, anagamula kuti mkamwini ayambe walima dimba la apongozi, ukwati pambuyo.

Khasu asanaligwire n'komwe, asilikali a boma anamutenga kukakhala mtengatenga, wosenza katundu wa nkhondo. Kalata zinkabwera mwa apo ndi apo, zolembedwa ndi mnzake Edmund, poti Lazaro sankadziwa kulemba.

"Mchere wanga, mapewa anyuka koma mtima uli kwa iwe. Ndikabwera, palibe adzandichotsenso pambali pako."

Otilia ankaziwerenga mokweza pachitsime, kuti ansanje apse mtima bwino.

Patatha zaka ziwiri Lazaro anabwerera. Koma kodi anali Lazaro yemwe uja? Anadzitsekera m'nyumba ya amayi ake. Kusamba ayi, kudya kochita kumukakamiza, kuseka ndiye musanene. Madzi a Shire anaphwera, anthu anadzala m'madimba, koma dimba la amake Otilia linangomera bango.

"Ulesi umenewo!" anatero a Geresomo. "Mwezi ukatha asanalime, tibweza chikole. Kapitawo wina wa njanji wafunsira kale Otilia kawiri."

Ena ankati walodzedwa. Otilia ankawakalipira onsewo, mpaka tsiku lomwe kalata yochokera kwa Lazaro inamupeza akutcheza mchere.

"Otilia, ndili ndi mkazi wina ku Chinde. Bweza mikanda. Undiiwale."

Mayo! Anakhala pansi paphulusa pomwepo, nalira ngati wafedwa. Zaka ziwiri zokana amuna, malipiro ake n'kukhala amenewa? Misozi itauma, mkwiyo unabwera.

"Ine Otilia, kutayidwa ndi kapepala? Akandiuze ndi pakamwa pake!"

Anavala nsalu yake ya tchalitchi, nafumbata mikanda ija, ulendo. Pakhonde pa nyumba ya amake Lazaro anapeza Edmund akusoka ukonde.

"Ali kuti mwamuna wa mkazi wa ku Chinde?"

Edmund anaika ukonde pansi. "Mlamu, khalani kaye. Kalatayo ndinalemba ndine, atandichonderera masiku atatu, ndipo ndinalakwa. Kulibe mkazi. Ku Chinde sitinapondeko n'komwe."

"Nanga anandinamiziranji?"

"Akuti iye ndi munthu wotha ntchito, adzangokuvutitsani. Anati mukamuda mudzakwatiwa msanga ndi wina."

Otilia anakhala pansi pakhondepo.

"Si ulesi, si ufiti," anapitiriza Edmund. "Ndi nthenda. Kunkhondo ndinkanyamula odwala pamachira, ndinaona ambiri otere, ndipo inenso inandigwira. Tulo sitibwera, chakudya sichikoma, chilichonse chomwe unkachikonda chimazizira. Imakunamiza kuti ndiwe katundu kwa anthu. Kumukalipira n'chimodzimodzi kukalipira wamalungo kuti asiye kunjenjemera."

"Imachizika?"

"Ine ndinachira, koma pang'onopang'ono. Asakhale yekha. Azidya ndi anthu, azituluka padzuwa, azigwira kantchito kochepa tsiku lililonse. Zomwe anaona kunkhondo azikamba ndi ife amene tinali naye."

Otilia anakankha chitseko. Lazaro anali pamphasa, atayang'ana kukhoma, ndevu zili nyankhalala.

"Wabodza iwe," anatero Otilia.

"Pita, Otilia. Mkati mwangamu mulibe kanthu. Ngakhale iwe ndikakuona sindikumva chilichonse, ndipo zimenezo zikundipha."

Mawuwo anamulasa kuposa kalata ija. Komabe anagwada, nadzimanga mikanda ija m'khosi, Lazaro akuona.

"Wamtima wanga, usamve kanthu lero, palibe mlandu. Koma wosankha mwamuna wanga ndine, osati nthenda yako. Mawa ndibwera ndi makasu awiri."

Musaganize kuti zinayenda ngati bwato lotsetsereka ndi madzi, ayi ndithu! Tsiku loyamba Lazaro anafika pakhomo n'kubwerera. Tsiku lachitatu anafika kudimba, nadula mabango owerengeka, nakhala pansi n'kulira. Otilia sanamutonthoze ndi mawu ambiri, anangokhala naye mpaka anamaliza. Masana ena Edmund ankabwera ndi anzawo awiri a mtengatenga, n'kukhala pansi pa mtondo kutchula mayina a anzawo omwe anatsala m'njira. Panali masiku omwe Lazaro sankadzuka n'komwe, ndipo Otilia ankapita kuseri kwa nkhokwe kukalira yekha.

Amayi a pachitsime ankamunena. "Taonani namwali wamatama uja, akulera mkamwini ngati khanda!"

"Inde, ndipo ndi wanga," ankayankha osatembenuka.

Mwezi unatha dimba litalimidwa theka lokha. A Geresomo anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse kuti chikole chibwezedwe. Anthu atakhala pabwalo, Lazaro anatulukira, atameta, atasamba, matope a kudimba okha ali kumapazi. Anagwada, nawomba m'manja.

"Atsibweni, ndilankhuleko ndekha. Dimba sindinamalize. Ndinadwala nthenda ya maganizo, ndipo masiku ena imandipezabe. Ndinanamiza mwana wanu kuti andithawe, ndipo ndikupepesa pamaso pa onse. Koma m'mawa uliwonse ndikudzuka, ndipo theka latsalalo ndilimaliza."

Ndani anamvapo mwamuna akuulula zotere pagulu?

"Nanga ikadzabweranso mwamphamvu?" anafunsa a Geresomo.

"Ndidzanena msanga. Sindidzadzitsekeranso."

"Ndipo idzatipeza tili awiri," anatero Otilia, ngakhale panalibe amene anamupatsa mpata wolankhula.

A Geresomo anamuyang'ana mwaukali, kenako anayang'ana zikhatho za Lazaro zodzaza matuza.

"Kapitawo mukamuuze kuti pano palibe mbeta," anatero pomaliza. "Mkamwini, ukamaliza dimba ukadule mitengo ya nyumba. Malo ako ndi apo, pafupi ndi m'bawa."

"Takhuta, atsibweni, zikomo," anatero Lazaro, misozi ikutsika osaibisa.

Mwambo umafuna kuti namwali pa nthawi ngati imeneyi awerame, achite manyazi, nthungululu aziimba ena. Otilia anaimirira, naimba yekha yoyamba, mpaka asodzi a kutsidya kwa Shire anaimitsa mabwato kufunsa kuti kwagwanji.