Maluwa Ofota pa Khoma la a Perpetua

Zinayamba kumveka kumphakati wathu, wa ife okhala kudziko la eni kuno, kuti kwa a Perpetua ku Parklands kuli chithunzi chimene chikufota. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi, koma pobwerera kwathu ku Donholm m'matatu, minibasi za kuno, ndinangozindikira ndagwira kolona.

Chithunzicho n'chojambula ndi penti: maluwa ali mumtsuko wagalasi patebulo, kumbuyo kwake mdima bii. Amuna awo a Perpetua, a Ambrose, anachita kupatsidwa ndi wansembe wina wokalamba wa ku Holland amene ankakhala ku Karen, tsiku limene ankalongedza zobwerera kwawo. Akuti wansembeyo anafotokoza kuti kwawoko akale ankajambula maluwa a nyengo zosiyana mumtsuko umodzi, oti m'munda sangaphukire limodzi, ndipo ankaikapo dala duwa loyoyoka, mbozi kapena ntchentche, kuti wolemera akamadya aziyang'ana n'kumakumbukira kuti nayenso adzafota. A Perpetua zonsezo sanasunge. Iwo chinawasangalatsa n'chakuti maluwa ofiirawo ankagwirizana ndi makatani.

M'mawa wina akupukuta fumbi anaona kuti patebulo la m'chithunzimo, pamene zaka zonsezi panalibe kanthu, pagona katsamba kofiira kothothoka ku duwa. Anakakhudza. Chala chinabwerako chili psuu, chonata. Anathamangira kusinki osauza munthu.

Nthawi imeneyo n'kuti a Ambrose atayamba kuonda. Lamba anali ataboola zibowo zatsopano, chakudya ankangochitokosa, ndipo anasamukira kukachipinda kosungirako mabuku ati kuti chifuwa chawo chisamasokoneze mayi tulo. Akafunsidwa ankati ndi ntchito ya kuofesi. M'nyumbamo munalinso Jean, mng'ono wawo wa a Perpetua, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzapepukidwa mtima ataika mwamuna wake.

Usiku wotsatira a Perpetua anadzidzimuka ndi phokoso la mpando ukukwekwesedwa pang'onopang'ono pa matailosi a pabalaza. Kenako zii. Patali ankamveka agalu ndi jenereta ya kuchipatala chapafupi, koma pafupi, kuseri kwa chitseko chenicheni, kunali kakukanda kochepa ngati mbewa ikunyambita pepala, ndi kupuma kwa munthu amene sakufuna kumveka. Pansi pa chitseko panalowa kafungo konga parafini. Anafunda kumutu. Kutacha, duwa loyera la pakati linali litazyolika, m'mphepete mwake mutachita dzimbiri.

Zinapitirira choncho. Masamba patebulo lija ankachulukirachulukira, madzi a mumtsuko anayamba kuda, a Ambrose nawo makolala a malaya akukulirakulira. Ndiye tsiku lina pakamwa pa mtsukowo panapezeka ntchentche yobiriwira, mapiko ake owala, yoti ungaikupize ndi dzanja.

Apa mpamene a Perpetua anaitana amayi a mphakati. Tinapita, tinawaza madzi odalitsa, ine maso ali kuchithunzi. A Lucy, apampando athu, anati chichotsedwe chikatenthedwe, koma a Ambrose, munthu woti sakweza mawu, anakana kwamtuwagalu. Tikutuluka a Lucy anakokera a Perpetua pamasitepe n'kuwanong'oneza, ine ndili pambuyo kumanga nsapato yomangamanga kale.

“Ngati chithunzi chakanika kuchoka, achoke munthu. Kodi mwamuna wa mng'ono wanuyu sanayambenso ndi kuonda?”

Mawu amenewo anayenda kuposa njinga yamoto ya bodaboda. Pofika Lamulungu ngakhale mama mboga, mayi wogulitsa ndiwo zamasamba pageti, ankamupatsa Jean tomato mosamukhudza dzanja. A Perpetua anamuuza kuti alongedze, akwere basi yodzera ku Tanzania abwerere kumudzi. Jean sanatsutse. Anangoti, “Achemwali, ndaika wanga, ndiye mukuti ndadzatenga wanu?” A Perpetua anayang'ana makatani.

Zotsalazi anandiuza Jean mwini wake ndikumuluka tsitsi, ndiye musati ndawonjezera.

Usiku womaliza tulo tinamukana. Anakhala pachikwama chake mumdima m'kakhonde ka mkati, akuganiza za mmene dzina la ufiti likafikire ku Ntcheu iye asanatsike basi. Kenako anamva mpando uja. Unakwekwesedwa, unaima, unalira ngati wakweredwa. Fungo la parafini linamufika m'mphuno. Anati ngati n'kufa ndife nditaona. Anakwawa mpaka pakhomo la pabalaza n'kuyatsa tochi ya foni.

Pampando panali pataimirira a Ambrose, atavala zogonera, kakandulo kakang'ono ali nako kumanzere, kumanja kaburashi ka penti.

“Zimitsani, mlamu,” ananong'ona.

“Sindizimitsa. Alamu, mukanandisiya ndipite ndi dzina limeneli?”

Anatsika movutikira n'kukhala pampando pomwepo. Anaulula kuti dokotala anawapeza ndi khansa miyezi yapitayo, ndipo anawauza kuti yafalikira. Pakamwa pawo pankakanika kuwauza akazi awo. Poti ali mnyamata ankalemba zikwangwani za masitolo ku Limbe, dzanja linali likadakumbukira penti, ndiye anaganiza zoti chithunzi chiwalankhulire. Ankayembekeza kuti mayi akumbukira mawu a wansembe aja, abwere adzafunse okha.

“Ndimati afunsa ine,” anatero. “Sindimadziwa kuti akafunsa a Lucy.”

Kumbuyo kwa Jean kunamveka kusisima. A Perpetua anali ataima pakhomo la chipinda chawo, chitenje chili m'manja, atamva zonse.

Jean sanakwere basi. Ndi amene akuwaphikira phala alamu akewo mpaka lero, ndipo a Lucy akamuona kutchalitchi amatanganidwa ndi buku la nyimbo.

Koma chimene chimandigwiritsabe kolona ndi ichi. Kutacha kwa usiku uja a Ambrose anawerengera akazi awo zonse zimene anajambula, masamba, duwa lozyolika, madzi akuda. A Perpetua ataloza ntchentche ija, bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

“Imeneyo si ine, mayi. Penti yobiriwira ndilibe.”