Mauthenga Amene Azizi Sanatsegule

Kombi ya ku Kadoma inali itaima pa renki, pokwerera magalimoto pa Chegutu, kudikira kuti idzaze. Ruwaida anakhala kumbuyo, mapepala pamwendo, nkhope atayikwinya ngati walawa bwemba.

"Sisi, DE imeneyo pa Chingerezi ndi SD," anatero mnyamata wa pambali pake.

"Kodi inu mumawerenga mapepala a eni?"

"Akadakhala a Chishona sindikadasuzumira. Koma Chisipanishi pa Chegutu pano? Ndine Azizi, za mankhwala ndinaphunzira ku Cuba."

Ruwaida anafuna kukwiya, koma yankholo linali lolondola. Gulu lina lofufuza matenda a m'mapapo mwa anthu a m'migodi linamupatsa ntchito yake yoyamba, yomasulira m'Chingerezi zimene madokotala a ku Peru analemba. Mawu sankamuvuta. Zomuzunguza mutu zinali zidule za masamu, tizilembo tiwiritiwiri timene mtanthauziramawu wake ankangotilumpha.

Pofika ku Kadoma, nambala anali atapatsana. Akuti ya ntchito!

Ntchito yake iti? Sabata isanathe, "sisi" anali atasanduka "duwa langa". Ruwaida ankajambula tsamba lililonse lomuvuta n'kumutumizira.

"Mudiwa, wokondedwa wanga, IC 95% ndilembe chiyani?"

"Lemba CI. Ofufuzawo chitsimikizo chawo chimathera pa 95. Ine za iwe ndili pa handiredi!"

"Bodza! Nanga RM?"

"Ndi OR, mtima wanga. Funsa zonse, sindidzakusiya wopanda yankho."

Ntchito yoyambayo inayamikiridwa, ndipo Dokotala Enesi, mkulu wa gululo, anamupatsa lipoti lalikulu loti azipereka mutu umodzi sabata iliyonse. Likayenda bwino, amulemba ntchito yokhazikika. Ruwaida anavina yekha m'khitchini.

Mawa lake kunabwera uthenga wa Azizi: "Masabata atatu usandifune. Undikhulupirire."

Basi, zii.

Ruwaida anatumiza tsamba, osayankhidwa. Anaimba, foni n'kumangolira. Walakwanji? Kodi si yemweyu ankati sadzamusiya wopanda yankho? Kapena wapeza wina ku Ngezi, kumene ankapita kukagulitsa mankhwala? Zinamupweteka kwambiri, moti sadza ankangoyitosatosa m'mbale. Zidulezo analimbana nazo yekha, kufufuza m'mabuku, misozi ikudonthera pa VPP mpaka anapeza kuti ndi PPV.

Sabata yachitatu analemba uthenga womaliza n'kuutumiza.

Tsiku loona ntchito litafika, Dokotala Enesi anamuitanira ku ofesi ku Kadoma. Atalowa, anangoti kakasi. Azizi ali phee pampando, malaya ositasita!

"Khalani pansi, Ruwaida," anatero dokotalayo. "Ife kuno lipoti likamasuliridwa, munthu wina amalibwezera m'Chisipanishi asanaone loyambirira, kenako timafananiza. Awa ndiwo ankabwezera lanu. Anandiuza okha kuti mumadziwana, koma wina wodziwa Chisipanishi ndi masamu ndikanamupeza kuti? Ndinawalamula kuti asatsegule chilichonse chochokera kwa inu, ndipo asakuuzeni chifukwa. Akanaona tsamba limodzi lokha, ntchito yanu yonse tikanaitaya."

Anayala mapepala awiriwo patebulo. Mzere ndi mzere, zidule zonse zinagwirizana.

"Lolemba muyambe ntchito," anatero akumwetulira.

Panja, Ruwaida anayenda mofulumira osacheuka. Azizi anamuthamangira mpaka pamthunzi wa amayi ogulitsa malalanje.

"Duwa langa, ima kaye!"

"Duwa lako ndani? Masabata atatu, Azizi! Ndinalira ngati wamasiye. Unalephera kungonena kuti ndi za basa, za ntchito basi?"

"Ndikanatero ukanandifunsa mpaka ndiulule, ndimakudziwa. Ndiye ntchito yako ikanathera pomwepo. Ukuyesa ine ndinkadya? Taona."

Anamuonetsa foni. Mauthenga makumi asanu ndi limodzi, onse osatsegula.

"Nthawi iliyonse ikalira ndinkaitsekera m'kabati. Lero ndiyamba ndi womalizawu."

"Ayi, umenewo usawerenge!"

Koma anali atautsegula kale, n'kuwerenga mokweza: "Tathana. Usadzandifunenso."

Amayi a malalanje anasiya kusenda. Azizi anayamba kulemba pafoni yake. Foni ya Ruwaida inalira m'chikwama.

"Pepa poyankha mochedwa. Amalume anga akubwera Loweruka kudzaonana ndi amalume ako. Ndikufuna ukhale mkazi wanga."

Ruwaida anawerenga kawiri. Anayesa kulimbitsa nkhope, koma kuseka ndi misozi zinatulukira pamodzi.

"Mwanangu, mupindure kani!" anakuwa amayi aja, kumuuza kuti amuyankhe.

Ruwaida anapukuta m'maso n'kumuloza Azizi chala.

"Uwauze amalume akowo abwere Lachisanu akangotuluka ku mzikiti. Ine kudikira ndatopa nako."