Ndime ya Andrea wa ku Bolero

Pali chinthu chimodzi chimene Sajeni Overton Chikafa sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake Dinah. Mbuzi yawo yamawanga ija sinagwidwe ndi fisi ayi. Anaikoka yekha pachingwe n'kukagulira gawo m'timu ya mpira ya Njati za Mwazisi. Poopa kusekedwa kuntchito ndi kukalipiridwa kunyumba, anagula gawolo m'dzina la Andrea wa ku Bolero, munthu amene sanabadwepo. Wodziwa chinsinsichi anali wapampando wa timuyo yekha, a Hezron Chavula.

Ndiye Lachinayi lina m'mawa, chaka cha 1978, a Hezron omwewo anapezeka atafa m'golo la kumadzulo.

Timu ya Njati inali ya anthu eniake. Wogula gawo ankapatsidwa ndime yake pabwalo, kuti azibzalapo kapinga, kuthirira ndi kuzula udzu wachilendo. Ndalama za pachipata ndizo zinkalipira osewera. Pakakhala nkhani yofunika voti, aliyense ankakaima pandime yake. Lamulo lalikulu linali limodzi: kupatula osewera, woponda ndime ya mnzake tsiku lopanda masewero ankalipira nkhuku. Malire ake anali tizikhomo tokhomeredwa mpaka kumira m'nthaka kuti tisavulaze anyamata, moti mlendo ankangoona bwalo limodzi lobiriwira.

Sajeni anafika panjinga cha m'ma 7 koloko, Konsitabo Tenesi ali pambuyo. Malemuwo anali chagada pansi pa ukonde, bala lili kunkhongo, nsapato imodzi palibe. Magazi pansi panalibe.

"Sanafere pano awa," anatero Sajeni.

"Koma wowapha tam'gwira kale, bwana," anayankha mkulu wina wa jekete yabulauni. Anali a Manase Harawa, wachiwiri kwa wapampando. "Ayufi, anyamata a chipani aja, am'manga, ali m'kanyumba ka mipira. Ndi Luka, goloboyi wathu. Lamulungu anawalonjeza imfa pamaso pa anthu. Ndipo onani komwe awapeza, m'nyumba mwake mwenimweni."

Luka Kumwenda anali atakhala pathumba la laimu wolembera mizere ya bwalo, manja ake aakulu aja atamangidwa ndi luzi.

"Unawauza chiyani a Chavula Lamulungu?" anafunsa Sajeni.

"Ndinati tsiku lina adzandifuna, adada."

"Anthu akuti unati udzawaonetsa."

"Mwina ndinanenanso zimenezo. Anati ndikhale panja chifukwa anyamata a ku Nchenachena anandimwetsa zigoli zisanu."

"Sanakumwetse?"

"Zinali zinayi. Chachisanu chinali ofusayidi."

Sajeni anatsala pang'ono kuvomereza, pakuti tsikulo anali ataima pafupi ndi mzere, akunamizira kuyang'anira bata. Anatsokomola.

"Dzulo madzulo unali kuti?"

"Kudimba, kulondera njovu. Ndekha."

Panja, Tenesi ananong'ona kuti galimoto ya ku boma ifika cha m'ma 4 koloko kudzatenga mtembo pamodzi ndi wogwidwayo. Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Mlandu wakupha unkapita kukhoti la mafumu, kumene loya salowako, ndipo mnyamata wopanda mboni amene anaopseza mkulu pagulu ankathera pachingwe.

Mkazi wa malemu, amayi Mabel, anali pamphasa pakati pa amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. Anati amuna awo anatuluka dzuwa likulowa, atanyamula keni yothirira.

"Anati akakumana ndi munthu pachitsime cha kubwalo, pankhani ya esiteti."

"Esiteti iti, amama?"

"Ya fodya, ya kutsidyaku. Akufuna bwalo lija likhale nazale chifukwa cha chitsime. Loweruka likubwerali kunali voti yoti bwalo liperekedwe kapena ayi. Iwo ankati bola kufa." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka n'kuseka pang'ono. "Ankatero pa chilichonse. Ngakhale pa kumwa mankhwala."

Sajeni anapalasa njinga mpaka kuesiteti, mtima uli pa kalaliki wakumeneko, amene ankadziwika kuti ndiye amanyengerera anthu. Anam'peza mwendo uli m'chikhakha. Anagwa pathirakitala sabata yatha, ndipo ngakhale kuchimbudzi ankachita kum'nyamula. Sajeni anamwa madzi, n'kubwerera wopanda kanthu.

Masana anali pachitsime, pakona ya bwalo. Nsapato ija anaipeza m'matope, ndipo pambali pake panali wilibala ya timu, yotsukidwa bwino kwambiri kuposa mmene wilibala ya laimu imakhalira. Popeza anthu anali atathirira dzulo lake, tayala linasiya mzere wooneka pakapinga.

Anautsatira. Mzerewo unapita chakumpoto, n'kukhota, n'kupitanso, n'kukhotanso ngati njira ya m'munda. Patapita kanthawi Sajeni anazindikira kuti sakuyang'ananso pansi. Miyendo yake inkadziwa pokhotera isanauzidwe, pakuti ndi mmene ankayendera iye mwini m'mamawa uliwonse akauza Dinah kuti akupita kukayendera dera.

"Munthuyu anali ataledzera," anatero Tenesi. "Golo lili apo, iye akuzungulira chonchi?"

"Sanaledzere. Amaopa kulipira nkhuku."

"Bwana?"

"Akuyenda m'malire."

Tenesi anawerama, n'kufukula ndi chala mpaka anapeza kachikhomo. Anayang'ana bwana wake. "Inu mwatiwona bwanji timeneti?"

"Ntchito, Tenesi. Zaka."

Chapakati pa bwalo mzere uja unasintha khalidwe. Unasiya malire n'kudula ndime imodzi pakati penipeni, kuchokera kona ina mpaka ina, kenaka n'kubwereranso m'malire mpaka kugolo. Sajeni anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Kenaka anatuma Tenesi kukaimba chitsulo choitanira eni magawo.

Anabwera ambiri: alimi a fodya, aphunzitsi, amayi ogulitsa zitumbuwa, ngakhale abusa opuma pantchito amene anagula gawo ndi mabenchi awiri. Sajeni anawapempha kuti aliyense akaime pandime yake monga amachitira povota. Anthu analowa mwa mzeremzere, akutsata malire ndi kupatsana njira. Posakhalitsa bwalo linadzaza, kupatula ndime ya malemu ndi zina ziwiri zoyandikana chakum'mawa. Imodzi inali ya Andrea wa ku Bolero. Inayo inali ya mayi wina wa kutali amenenso sankaoneka, ngakhale kapinga wake ankaposa wa aliyense, chinthu chimene chinkamudya mumtima Sajeni.

"M'masuleni Luka," analamula. "Luka, tenga wilibala iyo upite nayo kugolo lako."

Luka anaigwira n'kulunjika golo ngati akuthamangira mpira, kudutsa pandime zisanu ndi imodzi osayang'ana n'komwe.

"Ameneyo ndiye saona ndime," anadandaula mayi wina wachikulire, NyaMhango, msungi wa nkhuku za chindapusa. "Bwenzi ndili ndi khola lodzaza akanakhala kuti si wosewera."

"Yewo, amama, mwandithandiza," anatero Sajeni. "Wosewera amadutsa paliponse. Mlendonso amadutsa paliponse. Koma amene anakankha a Chavula dzulo anayenda m'malire, ngakhale ananyamula mtembo, chifukwa miyendo inazolowera. Ndime imodzi yokha ndi imene anaidula pakati mosaopa. Munthu saopa kuponda pati?"

Mitu inatembenuka yokha kutsatira mzere wa tayala, mpaka pamene unkadutsa pakati pa nsapato za a Manase Harawa.

A Manase anayang'ana pansi. Anasuntha phazi limodzi, ngati kuti mzerewo ungafufutike.

"Wapolisi wa ku Dowa angadziwe bwanji malire athu?" anafunsa. "Zikhomo zake sizioneka."

"Fukulani muone ngati ndanama."

Abusa aja anafukula ndi ndodo yawo pamakona onse anayi, ndipo tizikhomo tinali pomwepo. A Manase anakhala pansi pakapinga wawo.

"Sindinafune kuti afe," anatero. "A kuesiteti anandilonjeza ukapitawo voti ikadutsa. Ndinayamba kuyenda m'makomo ndi shuga ndi sopo kuti anthu aime kumbali yanga. Hezron anamva. Anati Loweruka adzanena pamaso pa onse, ndipo adzandilanda ndime. Ine ndi amene ndinasenza mitengo ya magolo awa kuchokera kuphiri, bwana. Anatembenuka kuti atunge madzi, mpini unali m'manja mwanga. Za Luka ndinaziganiza pambuyo pake."

"Mukanalola kuti am'pachike?"

A Manase anangotambasula manja. Tenesi anawaveka unyolo, ndipo potuluka nawo pabwalo, iwo anayendabe m'malire.

Luka anagwira dzanja la Sajeni ndi manja ake onse awiri. "Yewo chomene, adada. Loweruka likubweralo sandimwetsa ngakhale chimodzi."

"Usalonjeze pamaso pa wapolisi."

Anthu atayamba kubalalika kupita kumaliro, NyaMhango anam'kodola. "A Sajeni, mwagwira ntchito, koma lamulo ndi lamulo. Taonani pomwe mwaima."

Sajeni anayang'ana pansi. Osadziwa, miyendo inali itam'fikitsa pakati pa ndime ya Andrea wa ku Bolero, ndipo anali atazulapo kale kaudzu kamodzi.

"Nkhuku imodzi," anatero mayiyo. "Yaikazi."

Sajeni anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, n'kupeza Dinah akusankha nyemba pakhonde. Anaimika njinga, kuipukuta, kupopa tayala limene silinaphwe. Kenaka anakhala pampando.

"NyaMsowoya," anayamba, akuitana mkazi wake ndi dzina la kwawo, "akufuna nkhuku kubwalo. Akuti ndaponda ndime ya mwini."

"Gwirani yakudayo. Siikira."

"Koma sindiyenera kulipira." Anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguza pabondo. Mawu amene anawasunga miyezi yonseyi anatuluka aang'ono kuposa mmene ankaganizira. "Ndimeyo ndi yanga. Andrea wa ku Bolero ndine. Mbuzi ija sinagwidwe ndi fisi."

Dinah anataya kamwala kamene anakapeza m'nyemba.

"Fisi womasula chingwe n'kutseka khola," anatero. "Ndinam'dabwa fisi ameneyo."

"Ndiye mumadziwa?"

"Mumathirira mopyoza. Madzi anu amasefukira kwanga, kapinga wam'mphepete wayamba kuchita chikasu."

Sajeni anasiya kuzunguza chipewa. Anakumbukira ndime yobiriwira ija, yoyandikana ndi yake, imene nthawi zonse ankaipeza yothiriridwa kale dzulo lake.

"Inu munagula ndi chiyani?"

Dinah anapitiriza kusankha nyemba, osadzutsa mutu. "Jekete yanu ya Lamulungu ija munati mufufuza amene anaiba pachingwe. Mwafika pati?"