Mzere wa pa Ndodo ya a Goodson

Uthenga unafika ku Chisenga dzuwa litangotuluka: a Goodson Silungwe agwa mumtengo kumapiri a Mafinga, komwe anapita kukapachika ming'oma ya njuchi. Akulankhula, koma m'mimba mwatupa. Mwana wawo Sosten sanafunse zambiri. Anaitana mlongo wake Temwa ndi malume awo a Rodwell, n'kuliza Chembere.

Chembere inali galimoto ya a Goodson, yakale kuposa Sosten yemwe. Kwa zaka makumi atatu inanyamula chimanga, khofi, odwala ndi maliro a dera lonselo. Injini yake inali itatopa, moti pachitunda anthu ankatsika n'kumayenda pambali pake akucheza. Sosten atasiya sukulu ya zamakaniko ku Mzuzu m'chaka chachiwiri, anabwerera kumudzi wopanda pepala, koma pakamwa podzaza nzeru. Ndiye anakakamiza bambo ake kugulitsa ng'ombe ziwiri, n'kukagula ku Tunduma injini ya dizilo yatsopanoko pamodzi ndi giyabokosi yake.

Anagwira ntchitoyo miyezi iwiri pansi pa mtengo wa mango. Injini yakale anaizula ndi tcheni chomangirira panthambi. Yatsopanoyo inakana kukhala. Anadula zitsulo zoikhazikapo, kuwotcherera zina, kufupikitsa shafiti, kuboola pansi kuti chosinthira magiya chipeze potulukira. Tsiku limene inalira, a Goodson anatsamiritsa khutu paboneti kwa nthawi yaitali.

"Mtima wa mnyamata m'chifuwa cha nkhalamba," anatero. "Wayesetsa, fundi, mmisiri wanga. Koma mphuno yake yokokera mpweya ili m'munsi kusiyana ndi yakale ija. Uyezenso ndodo."

Ndodoyo inali yansungwi, ndipo inkakhala kuseri kwa mpando. A Goodson anaitema mzere ndi mpeni kalekale. Pamtsinje uliwonse munthu ankatsika n'kulowa nayo m'madzi. Madzi akapanda kufika pamzere, Chembere iwoloka. Akafika, khalani pansi mudikire.

"Ndiyeza mawa, adada," Sosten anaseka. "Injini ngati iyi n'kumadalirabe nsungwi?"

Mawalo linasanduka sabata, sabata n'kusanduka mwezi.

M'mawa wa tsiku la uthengalo injini inaonetsa mphamvu zake. Zitunda zimene kale zinkadya maola atatu anazimeza pa ola limodzi ndi theka. Mtsinje anauwoloka madzi ali m'akakolo. Msewu utatha analowa m'tchire, a Rodwell ali patsogolo ndi chikwanje, anyani akuwakuwiza pamiyala. A Goodson anawapeza atagonekedwa pansi pa msuku, milomo itayera.

"Mwafulumira," anatero mkuluyo. "Ng'ombe zanga zija zikuthamanga ndithu."

"Musalankhule, adada," anatero Temwa, akuwafunditsa chitenje.

Anawagoneka pamatiresi kumbuyo, Temwa atawagwira mutu. Mvula inawapeza akutsika. Inayamba ndi mphepo, kenako inagwa ngati akuikhuthula m'ndowa, njira yonse n'kusanduka phala lofiira. Pamphambano Sosten anaima.

"Dizilo alipo?" anafunsa a Rodwell.

"Wofika kuchipatala kuboma n'kubwerera."

"Njira yakumtunda ili ndi mlatho, koma ndi maola anayi. Ya pamtsinje, ola limodzi tafika pamsewu waukulu," anatero a Rodwell.

"Maola anayi alibe," Temwa anayankha ali kumbuyo. "Manja awo azizira."

Mtsinje uja wa m'akakolo anaupeza utafufuma, wofiira, ukukokolola nthambi ndi mapesi. A Rodwell anapinda buluku, kusolola ndodo kuseri kwa mpando, n'kulowa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati.

"Madzi ali zala ziwiri pansi pa mzere!"

"Asibweni, mwaponda pozama penipeni?" Sosten anafunsa malume akewo.

"Ndinayamba kuwoloka pano iwe usanabadwe. Ndodo iyi sinanamepo. Tiye!"

Makutu a Sosten anali kumbuyo, pa mpweya wa bambo ake umene unkamveka ngati sowo yobuntha. Analowetsa giya yamphamvu, Chembere n'kutsetserekera m'madzi. Matayala akutsogolo anamira, akumbuyo anatsatira. Atafika pakati injini inatsokomola kamodzi. M'kati mwake munalira chitsulo, ngati nyundo yagwera pamwala, ndipo kunangoti zii. Ankamveka ndi madzi okha, akumenya chitseko.

Pomwepo ndi pamene Sosten anakumbuka. Mzere wa pandodo unali wa injini ija imene inali kuchita dzimbiri pansi pa mango.

Anapotoza kiyi. Anapotozanso.

"Leka," anatero mawu ofooka kumbuyo. "Yamwa madzi. Ukungothyola zotsala."

"Adada, sindinayeze ndodo."

"Ndikudziwa. Ndinaiona dzana. Ndimati ndikukumbutse ndikabwerako."

Foni inalibe netiweki. Anadula mitengo iwiri patsidya, kumangirirapo lona wa galimoto, n'kuwanyamula a Goodson pamapewa, madzi akulekeza m'chiuno. Kuyambira pamenepo unali ulendo wa miyendo. Matope ankavula nsapato. Pachitunda chachiwiri a Rodwell anagwada, mpweya utawathera, Temwa n'kulandira mtengowo paphewa pake. Chakudya chawo chinali mtedza wauwisi wa m'thumba la malume, ndipo ankatafuna akuyenda.

Mvula inakata dzuwa litapendeka. Patsogolo pankamveka kulira kwa malole a pamsewu waukulu pamene a Goodson anapempha kuti awatsitse.

"Tatsala pang'ono, adada."

"Nditsitseni. Sosten, tamvera. Chembere isagone masiku m'madzi. Ukabwereke ng'ombe zinayi kwa anansi athu a Flora. Ukatsegule injini, uumitse, uone chomwe chapindika."

"Yewo, adada."

"Ntchito unaigwira bwino. Chitunda cha kwa Tikondwe sindinachikwerepo chonchija."

Anatseka maso ngati akumvetsera injini. Temwa anawagwedeza kawiri, kenako anamasula mpango kumutu n'kuyamba kulira.

Anabwerera ku Chisenga pa ngolo ya munthu wachifundo. Galimoto imene inaperekeza maliro a mudzi uliwonse m'deralo sinanyamule mwini wake. Bokosi la a Goodson linapita kumanda pamapewa a anthu.

Patatha masiku atatu ng'ombe za a Flora zinakoka Chembere mpaka pansi pa mango, udzu wa mumtsinje ukulendewera kumatayala. Sosten anatsegula boneti. Anaimika ndodo pansi, kuilinganiza ndi mphuno ya injini yatsopano, n'kutema mzere wina ndi mpeni wa bambo ake. Ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi imodzi.

Temwa anabwera kudzaona. "Ndi pomwepo basi?"

"Pomwepo basi."

Sosten anaika zala zinayi pakati pa mzere wakale ndi watsopano wa m'munsiwo, ndipo zinakwana ndendende.