Foni M'chitini cha Mabisiketi

"Iwe Kadokotala, foni yanga sunaione?"

Mawuwo anachokera kuchipinda, ofooka ngati a munthu wogona ndi njala. Mtsikanayo anali kukhitchini, atavala kale yunifolomu, kapu ya tiyi ili m'manja. Maso ake anathawira pamwamba pa kabati, pomwe panali chitini chakale cha mabisiketi, kenako anabwerera msanga mu tiyi muja.

"Ayi achemwali, sindinaione."

Linali bodza lamkunkhuniza. Dzina loti Kadokotala anamupatsa ndi apabanja pake chifukwa chokhoza sayansi kusukulu, komanso, tinene zoona, chifukwa cha pakamwa. Munthu akangoyetsemula, iye anali atatchula kale matenda ndi mankhwala ake omwe.

Mkulu wakeyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri ndi theka. Anabwera kudzakhala kwa amayi awo chifukwa mwamuna wake, woyendetsa lole, ankatha milungu ali pamsewu. Tsopano panali patatha masiku anayi mutu ukumuwawa osalekeza, ndipo mapazi anatupa mpaka masilipasi anakana kulowa. Foni ankagona nayo kunsi kwa pilo, kuti bambo a mwanayo akaimba asamuphonye.

Kadokotala anali atapeza kale chifukwa chake. Pagulu la pafoni la anzake a m'kalasi panafika uthenga woti mafunde a foni amaphika ubongo pang'onopang'ono ndipo amapha mwana m'mimba. Panali ndi chithunzi cha dzira lophika lili pakati pa mafoni awiri, ndipo kumapeto analemba kuti, "Tumizira anthu khumi ngati umawakonda." Atauza mkulu wake, iye anangoseka. "Ndiye alamu ako azindipeza pa chiyani, pa utsi?"

Choncho dzulo masana, mkulu wake atabwera kuchokera kusikelo n'kugona tulo, Kadokotala anasolola foniyo, naikulunga m'pepala lonyezimira lokutira zakudya, n'kuitsekera m'chitini. Ankadziwa kuti chitsulo chimatchinga mafunde. Anayesa kuimba ndi foni ya amayi ake, ndipo atamva kuti nambalayo sikupezeka, anadzimva kuti ndi katswiri.

"Taifufuzeko, m'bale wanga," mawu aja anabweranso. "Anamwino ananditenga magazi ndi mkodzo dzulo. Anati zotsatira zichedwa, andiimbira ngati pali vuto."

Kadokotala anaika kapu ija pansi. Anayang'ananso chitini chija. Amayi awo anali atapita kale kushopu kwawo kosokera zovala, ndipo pakhomo pankatsala mkulu wake yekha. Koma kutsitsa chitinicho kunali kuvomera kuti anaba, ananama, mwinanso analakwitsa. "Tsiku limodzi lokha," anadziuza. "Mutu ukasiya, adzandithokoza okha." Anatola chikwama chake natuluka osatsanzika bwino.

Kusukulu maphunziro sanalowe. Nthawi yopuma itakwana, anatsatira aphunzitsi a sayansi, mayi wamtali wa magalasi, amene ankapukuta choko m'manja pakhonde. Ankafuna munthu mmodzi wamkulu woti amuuze kuti wachita bwino. Anafotokoza zonse, za uthenga uja, za dzira, za mutu ndi mapazi, za zotsatira za kusikelo, mpaka za chitini.

Aphunzitsiwo anayamba ndi kumwetulira. "Dzira limenelo analiphika pamoto, mwanawe. Mafunde a foni ndi amtundu umodzi ndi a wailesi, ndipo mphamvu yake ndi yochepa zedi. Akatswiri akhala akufufuza zaka zambiri, sanapeze umboni woti amachita zimene walemba mnzakoyo. Amene ali ndi nkhawa akhoza kulankhula pasipika, kapena kuika foni patebulo pogona, basi." Kenako nkhope yawo inasintha. "Dikira. Wati ndi woyembekezera, mutu masiku anayi, ndiponso watupa?"

"Eya, madamu."

"Nanga kumaso?"

"Pang'ono. Lero m'mawa zikope zinali zolemera."

"Ndipo achipatala anati aimba pafoni imene waitsekera m'chitini?"

Kadokotala anagwedeza mutu movomereza.

"Zimenezo ndi zizindikiro za kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera kumapha," anatero aphunzitsiwo, akumugwira paphewa. "Siya chikwamacho. Thamanga. Ine ndikuimbira amayi ako."

Anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Anadutsa pageti, pamalo okwerera mabasi, pakati pa ogulitsa zipatso amene anamukalipira atagunda dengu la malalanje. Nsapato imodzi inamasuka chingwe koma sanaime. Njira yonse ankangonena mumtima kuti, ndiwapeze ali moyo, ndiwapeze ali moyo.

Anapeza mkulu wake atakhala pansi pafupi ndi bedi, atatsamira khoma, dzanja lili pamphumi. Nkhope inali itatupa moti maso anachepa.

"Ndiwe?" anafunsa mkulu wakeyo. "Sindikukuona bwino. Ndikungoona tinyenyezi. Ndinafuna kupita kwa aneba koma miyendo yakana."

Kadokotala anakokera mpando kukhitchini, nakwera, ndipo chitini chinamupulumuka n'kugwa pansi ndi phokoso lalikulu. Anang'amba pepala lija. Kwa kanthawi foniyo inangokhala duu, ikufufuza netiweki. Kenako inayamba kulira, uthenga pamwamba pa uthenga. Achipatala anali ataimba kasanu ndi kamodzi. Uthenga wawo unali waufupi: "Bwerani kuchipatala msanga, lero lomwe." Unali wa dzulo, cha m'ma folo koloko masana.

Mwamwayi, aneba awo oyendetsa takisi anali panja akutsuka galimoto. Atamva kukuwa kwa mtsikanayo anataya ndowa, ndipo awiriwo ananyamula wodwalayo n'kumugoneka kumpando wakumbuyo. Kadokotala anaika mutu wa mkulu wake pamiyendo pake, foni ili kukhutu, akumvera anamwino amene ankamuuza kuti amugoneke chammbali ndipo asamupatse chilichonse chakumwa. Atangolowa pageti la chipatala, thupi la mkulu wake linauma, kenako linayamba kugwedezeka lonse.

"Achemwali! Achemwali, musatero!"

Anthu ovala zoyera anamulanda m'manja mwake, ndipo chitseko chinatsekeka.

Amayi awo anafika akupuma wefuwefu, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi. Anakhala awiriwo pabenchi yolimba ya pakhonde. Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati yatopa. Kadokotala ankayang'ana nsapato yake yomasuka ija, koma analibe mphamvu yoti awerame n'kuimanga. Manyazi anali kumudya m'kati.

Patapita maola atatu, anamwino anatuluka akuvula magolovesi.

"Mayi apulumuka," anatero. "Tachita opaleshoni. Mwana ndi wamkazi, koma ndi wosakwana masiku, ndipo akupuma movutikira. Tamuika m'kabokosi kagalasi kofunditsa. Masiku atatu akubwerawa ndiwo atiuze." Anapumira m'mwamba, nayang'ana amayiwo. "Koma inu, tinaimba dzulo mpaka kutopa. Akanabwera dzulo lomwelo tikanatsitsa magaziwo, mwina mwanayu akanakhalabe m'mimba masabata ena."

"Foni inasowa, anamwino," anayankha amayiwo. "Sitikudziwa kuti inalowera kuti."

"Sinasowe," anatero Kadokotala. Mawu ake anatuluka aang'ono. "Ndinaibisa ndine. Ndimaganiza kuti ndi imene ikuwadwalitsa."

Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa mbama. Anangonena kuti, "Safunsa adadya phula, mwanangu. Koma lero phulalo wadyetsa wina."

M'mawa mwake anamulola kulowa mu wodi. Podutsa anaima pawindo la chipinda cha ana, ndipo anamwino anamulozera kabokosi ka pakona. Mwanayo anali wochepa kuposa botolo la mafuta ophikira, timachubu tili m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Kadokotala anawerenga mpweya wake mpaka misozi inamulepheretsa kuona.

Mkulu wake anali maso, dilipi ili pamkono. Amayi anali atamuuza zonse. Kadokotala anagwada pambali pa bedi, koma mawu opepesa amene anawakonza njira yonse anabalalika.

"Ndimafuna kukutetezani," anatero akusisima.

"Ndikudziwa," anayankha mkulu wakeyo motsitsa. "N'chifukwa chake sindikudziwa kuti ndikukwiyire bwanji. Koma ndinakufunsa kawiri, iwe. Kawiri."

Kenako mkulu wakeyo analoza pakatebulo ka pambali pa bedi.

"Alamu ako akhala akuimba kuyambira dzana. Amayi angowauza kuti ndili kuchipatala ndipo mwana wabadwa. Akufunsa chifukwa chake foni sinkalowa. Ine mphamvu ndilibe. Uwauze ndiwe."

Kadokotala anatola foniyo. Inali yopepuka monga mwa masiku onse, koma dzanja lake linalemera. Anadina nambala, naiika kukhutu. Inaitana kamodzi kokha, ndipo kumbali inayo kunamveka injini ya lole ndi mawu a munthu wodzaza nkhawa.

"Halo? Mayi a mwana, muli bwanji? Mwana ali bwanji?"

Kadokotala anayang'ana mkulu wake, amene sanachotse maso pa iye.

"Alamu, si iwo ayi. Ndine. Taimikani kaye galimoto pambali, ndili ndi zoti ndikuuzeni."